KODI WOSAUKA AYAMBE WAPIMIDWA ASANATHANDIZIDWE?

Mwezi uno tifuna kusinkhasinkha pamodzi ndi inu za mlandu wina umene wautsa makani akuru m'dziko la United States of America kwa zaka zopitirira 25. Mlanduwo ndi uwu: munthu wosauka akadza ku boma kudzapempha cithandizo ca ndalama, kodi nkoyenera kuti ayambe wapereka mkodzo wace, kuti aupime ndi kuona ngati asuta camba kapena kumwa mankhwala ena ozunguza bongo, ndipo akapezeka nao amanidwe cithandizoco? Anthu ambiri akangomva funsoli ayankha msanga nati, Inde nkoyenera, pakuti ndani afuna kuti msonkho wace ukathere ku camba? Yankho limenelo sitilipeputsa, cifukwa licokera mumtima wokonda nchito ndi wodana nako kumwaza cuma. Koma mlandu sagamula atamva mbali imodzi yokha. Tsono tiyeni tiyambe tamva cimene cinacitika kumene lamulo lotere linayesedwa, ndipo pambuyo pace tifunse ngati liri lolungama.

CIYAMBI CA NKHANIYI

M'caka ca 1996 Pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo losintha mathandizidwe a mabanja osauka. Cithandizo cakale cinathetsedwa, ndipo m'malo mwace munalowa cina cimene acichula ndi zilembo zinai, TANF, ndiko kunena cithandizo ca kanthawi kwa mabanja osowa. Lamulolo linati munthu wamkuru asalandire ndalama za boma lalikuru kopitirira miyezi 60 pa moyo wace wonse, ndi kuti olandirawo azigwira nchito kapena kuifunafuna. Dziko la America liri ndi zigawo 50, ciri conse ndi bwanamkubwa wace ndi nyumba yace ya malamulo; ndipo lamulo la 1996 linalola zigawozo kuti zikafuna zizipima olandira cithandizo, ndi kulanga iwo opezeka ndi mankhwala.

Tisanapitirire tiyenera kudziwa anthu amene tirikuwanena. Cithandizo ici cipita ku nyumba zimene muli ana, ndipo mwa anthu 10 ali onse olembedwa m'mabuku ace, ngati 7 ali ana. Akuru ambiri ali amai olera ana okha. Ndalama zace nzocepa ndithu. M'cigawo ca Florida m'caka ca 2011, banja la anthu atatu silinalandira zoposa madola 303 pa mwezi, ndizo ndalama zosakwanira ngakhale lendi ya nyumba m'mizinda ya kumeneko.

Cigawo coyamba kupima anthu popanda kuwakaikira cinali Michigan, m'caka ca 1999. Kumeneko anapima anthu 268, napeza 21 ali nao mankhwala m'thupi, ocuruka a iwo ndi camba. Patangopita masabata ocepa woweruza Victoria Roberts anaimitsa nchitoyo, ndipo m'caka ca 2003 bwalo la apilo linasiya ciletsoco ciri comweco.

CIMENE CINACITIKA KU FLORIDA

M'caka ca 2011 bwanamkubwa wa Florida, Rick Scott, anasaina lamulo lakuti kuyambira pa 1 July munthu ali yense wopempha TANF apimidwe, wokaikiridwa ndi wosakaikiridwa yemwe. Wopemphayo anayenera kulipira yekha mtengo wa kupimako, madola ngati 30. Akapezeka woyera, boma linambwezera ndalama zace. Akapezeka nao mankhwala, anamanidwa cithandizo caka cathunthu, kapena miyezi 6 ngati apita kukaciritsidwa natsiriza. Gawo la ana linakhoza kulandiridwa ndi mbale wina wamkuru, koma iyenso anayenera kupimidwa.

M'miyezi inai anthu oposa 4,000 anapimidwa, ndipo opezeka nao mankhwala anali 108, ndiko kuti osakwana atatu mwa 100 ali onse. Boma linabweza madola 118,140 kwa iwo opezeka oyera. Ndipo powerengera kunaoneka kuti ndalama zimenezi zinaposa ndi madola 45,780 zonse zimene anthu 108 aja akadalandira. Lamulo limene anati lisunga msonkho linadya msonkho. M'caka comweco boma lalikuru, pofunsa anthu a dziko lonse a zaka 12 ndi kuposapo, linapeza kuti pafupifupi 9 mwa 100 anasuta kapena kumwa mankhwala oletsedwa m'mwezi wapitawo. Ziwerengero ziwirizi sizilingana kwenikweni, pakuti cina cacokera ku mkodzo ndi cinzace ku mafunso, ndiponso munthu wodziwa kuti adzapimidwa akhoza kudziletsa masiku angapo. Komabe palibe m'menemo cimene cingapatse munthu mphamvu ya kunena kuti opempha cithandizo ndiwo okonda mankhwala koposa anansi ao.

Amene anaimitsa lamuloli anali munthu mmodzi, dzina lace Luis Lebron. Iye adatumikira dziko lace pa usilikari wa m'zombo, ndipo pa nthawiyo analikuphunzira ku University of Central Florida, alikulera yekha mwana wace wamng'ono, ndi kusamala amace olumala. Zoyenereza zina zonse anali nazo, koma anakana kupereka mkodzo, nanena kuti iye samwa mankhwala, ndi kuti boma liribe cifukwa ca kumfufuza. Bungwe loteteza ufulu wa anthu lochedwa ACLU linamthandiza kusuma. Mu October 2011 woweruza Mary Scriven anaimitsa lamulolo. Mu December 2013 analithetseratu. Ndipo mu December 2014 bwalo la apilo linavomereza ciweruzo cace. Bwalolo linaona kuti boma la Florida silinaonetse umboni wakuti pakati pa opempha cithandizo pali bvuto la mankhwala loposa la anthu ena.

ZONENA IWO OVOMEREZA LAMULOLI

Sitidzacita cilungamo tikapanda kumvera bwino iwo a mbali inayo, pakuti ambiri a iwo ali anthu olingalira bwino, ndipo mau ao ali atatu.

Coyamba ati, Ndalama za boma ziri thukuta la okhoma msonkho. Munthu amene alawira mbandakuca kunka ku nchito ali ndi ufulu wa kufunsa kumene gawo lace lapita. Ndipo wopatsa akhoza kuika malamulo pa mphatso yace. Caciwiri ati, Ife anchito tipimidwa. Woyendetsa malole apimidwa, ndipo ambiri ofuna nchito m'masitolo ndi m'mafakitale apereka mkodzo asanalembedwe. Nanga ngati wopereka msonkho apimidwa, wolandira msonkhowo alekerenji? Cacitatu ati, Ticita ici cifukwa ca ana omwewo. M'nyumba imene mai kapena bambo wagwidwa ndi mankhwala, ndalama sizifika pamphika. Kupima kudzaulula nyumba yotereyo msanga, ana asanaonongeke.

Tivomera kuti m'mau onse atatuwa muli coonadi. Mankhwala ozunguza bongo ali mdani woopsa. M'caka ca 2021 cokha anthu oposa 100,000 anafa m'dziko la America cifukwa ca kumwa mankhwala mopitirira muyeso. Amene anena kuti palibe coopsa anama. Tivomeranso kuti wosunga cuma ca anthu ayenera kuciyang'anira, ndi kuti si kunyoza munthu kumfunsa za malipiro ace ndi kucuruka kwa ana ace asanalandire, popeza mafunso otere akhudza kusowa kwace kumene wadzera. Funso latsala nlakuti, kodi njira iyi ifikitsa kumene eni ace afuna, ndipo kodi ifikako mwa cilungamo?

CIMENE MKODZO UULULA NDI CIMENE UBISA

Nkofunika kudziwa m'mene kupimaku kucitira. Cinthu coledzeretsa ca m'camba cikhala m'mafuta a thupi, nicituruka pang'onopang'ono, kotero kuti munthu wosuta kawirikawiri akhoza kupezeka naco patapita masabata atatu kapena anai atasiya. Koma kokeni ndi heroin, amene ali oopsa kopambana, aturuka m'thupi m'masiku awiri kufikira anai. Mowa utha m'maola ocepa, ndipo kupima kwa masiku onse sikuufunafuna konse, cinkana mowa ndiwo wagwetsa anthu ocuruka. Taonani tsono za ukonde umenewu, kuti ugwira usipa nuleka kampango. Mai amene anasuta camba masiku apitawo akodwa. Bambo amene amwera mowa ndalama zonse za ana ace apita woyera.

Ndiponso kupima koyamba, kumene kuli kwa mtengo wocepa, kuphonya nthawi zina. Njere za poppy zimene Azungu awaza pa buledi zikhoza kuonetsa ngati munthu wamwa mankhwala a mtundu wa heroin, ndipo mankhwala ena a cimfine acita cimodzimodzi pa mtundu wina. Cifukwa cace pafunika kupima kwaciwiri, kwa mtengo wokwera, kusanagamulidwe kanthu.

Koma ngakhale kupimako kulondole, kutiuza ciani? Kutiuza kuti cinthu cakuti cinalowa m'thupi la munthu uyu masiku apitawo. Sikutiuza ngati anagula ndi ndalama za boma, pakuti wopempha kumene sanalandire ndi kobiri lomwe. Sikutiuza ngati ali kapolo wa mankhwalawo kapena anangolawa. Sikutiuza ngati ana ace adya, asamba, apita ku sukulu. Zonse zimene okhoma msonkho anafuna kudziwa, mkodzo suziyankha.

KUSOWA SI UMBONI

Tsopano tafika pa mutu weniweni wa mlanduwu. Tiyerekeze kuti kupimako kukadakhala kwaulere, ndi kosaphonya konse; kodi pamenepo kukadakhala kolungama? Ife titi iai, ndipo cifukwa cace nciici.

Mbuzi ikasowa m'mudzi, anthu atsata mapazi ace, nafunsa amene anaona kanthu. Ndipo mapaziwo akalowa pakhomo la uje, pamenepo mfumu ikhoza kutuma anthu kukafufuza m'nyumbamo. Koma tikadamva kuti mfumu ina yalamula kufukula m'nyumba za amasiye onse, popeza iwo ndiwo anjala, ndipo anjala ndiwo akuba, tikadati mfumuyo yaipsa bwalo lace. Ngakhale m'nyumba imodzi mwa makumi anai mupezeke cikopa ca mbuzi, amasiye ena onse acititsidwa manyazi pamaso pa mudzi, osati cifukwa ca cimene anacita, koma cifukwa ca cimene alibe. Lamulo la Florida linali lotero. Luis Lebron sanasumiridwe ndi munthu ali yense, ndipo panalibe mapazi olowa pakhomo pace. Cizindikiro cimodzi cokha cinali pa iye, ndico kuti anasowa napempha.

Makolo a dziko la America anazindikira ici kale. M'caka ca 1791 anaonjezera pa malamulo akuru a dziko lao mau oletsa boma kufufuza thupi, nyumba kapena katundu wa munthu popanda cifukwa comveka. M'caka ca 1989 bwalo lalikuru koposa la dzikolo linagamula kuti kutenga mkodzo wa munthu ndiko kumfufuza ndithu. Koma linalola kuti anchito a panjanji azipimidwa ikacitika ngozi ya sitima, cifukwa dzanja limodzi lonjenjemera likhoza kupha anthu ambiri m'kamphindi. M'caka ca 1997 bwalo lomwelo linakana lamulo la cigawo ca Georgia, limene linafuna kuti onse opikisana pa maudindo akuru a boma ayambe apimidwa. Linakana popeza Georgia sanaonetse kuti bvuto lotere liripo pakati pa anthuwo, ndipo lamulolo linali la kungodzionetsera. Onani kusiyana kwace. Woyendetsa sitima apimidwa cifukwa ca miyoyo iri m'manja mwace. Nanga mai wopempha madola 303, ndi sitima yanji alikuyendetsa?

Apa tiyankhenso wanchito uja amene ati, Ine ndipimidwa. Mbale wathu, madandaulo anu tawamva. Koma kumbukirani zinthu ziwiri. Mwini sitolo sali boma. Alibe apolisi kapena ndende, ndipo mukakana lamulo lace pali masitolo ena. Boma ndi limodzi, ndipo kwa wosauka ilo liri khomo lotsiriza. Ndico cifukwa cace malamulo akuru amanga manja a boma koposa a munthu wamba. Cinanso, ngati inu mupimidwa pa nchito imene mulibe ngozi, kuteroko kuli kukaikira kopanda maziko komweko. Cimeneco cikhale cifukwa ca kumasula inu, cisakhale cifukwa ca kumanga mnzanu.

Boma la Florida linanenanso pabwalo kuti palibe amene anakakamizidwa, pakuti yense anasaina kalata yovomera. Oweruza sanalandire mau amenewa, ndipo anacita bwino. Munthu amene ana ace agona ndi njala adzasaina kalata iri yonse muika patsogolo pace. Kuvomera kotero sikuli kuvomera kwa mfulu. Ndipo boma silingagule ufulu wa munthu ndi cakudya ca ana ace, ndi kunena pambuyo pace kuti anaugulitsa yekha.

MUYESO UKHALE UMODZI

Pali njira yapafupi yoyesera lamulo liri lonse, ndiyo kufunsa ngati olipanga akadalola kuti ligwire iwo omwe. M'dziko la America si osauka okha alandira za msonkho. Alimi a minda yaikuru alandira cithandizo ca boma caka ndi caka. Eni nyumba ambiri acepetsedwa msonkho cifukwa ca ngongole ya nyumba zao. M'caka ca 2008 nyumba ya malamulo inavomereza madola 700 biliyoni kuti apulumutse mabanki amene anali pafupi kugwa. Mwa onsewa palibe mmodzi anauzidwa kuti ayambe walowa m'cimbudzi ndi kabotolo m'dzanja. Ngati mau oti wolandira msonkho apimidwe ali lamulo la cilungamo, ayenera kuyambira kwa olandira zambiri. Koma ngati agwira okhawo olandira zocepa, pamenepo tadziwa kuti cimene cipimidwa si ndalama za msonkho, koma umphawi.

M'caka ca 2013 phungu wina wa ku Florida, Trey Radel, anavomereza pamodzi ndi anzace lamulo limene likadalola zigawo kupima olandira cithandizo ca cakudya. Mu October caka comweco anagwidwa alikugula kokeni mu mzinda wa Washington; anavomera mlandu wace, napita ku nyumba yociritsira, ndipo mu January 2014 anatula pansi udindo wace. Sitichula ici kuti timseke, iai. Cizolowezi ca mankhwala ciri nthenda yosasankha nyumba. Tichula cifukwa ca zinthu ziwiri. Atagwidwa iye, nyumba ya malamulo sinalamule kuti aphungu onse 435 apimidwe, popeza onse anadziwa kuti kulakwa kwa mmodzi si umboni wotsutsa anzace. Ndipo iye anapeza khomo la maciritso lotseguka. Zinthu ziwiri zomwezo ndizo tipempherera mai wosauka.

NANGA IYE WOPEZEKA NAO?

Wina adzati, Cabwino, oyerawo anacititsidwa manyazi cabe. Koma anthu 108 aja analidi nao mankhwala. Zoona, tsono tifunse cimene cinawacitikira. Lamulo la Florida linanena poyera kuti boma silidzalipira maciritso ao. Munthu anapatsidwa maina a malo ociritsira, namanidwa ndalama, nauzidwa kuti akadziciritse yekha. Kodi alipo anacira ku cizolowezi cotere cifukwa ca njala? Amene adaona munthu wogwidwa ndi kacasu adziwa kuti ndalama zikamthera sasiya kumwa. Agulitsa bulangete, pambuyo pace mbale, pambuyo pace cimanga ca m'nkhokwe.

Akuru akale anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkuru. Koma pano mwambiwo watembenuzika, pakuti wadya ndi wamkuru, ndipo wopotedwa ndi mwana. Nzoona kuti lamulo linasiya gawo la ana; koma m'nyumba mphika ndi umodzi. Ukacepetsa gawo la amai wacepetsa nsima ya onse, ndipo mwini nyumba ya lendi safunsa kuti ndalama zasowazo zinali za yani. Ndiponso si mai ali yense ali ndi mbale wokhulupirika womlandirira.

Palinso coipa cina cobisika. Ku Florida zopezeka pa kupimako zinakhoza kutumizidwa ku ofesi yoyang'anira za nkhanza kwa ana. Tsono mai amene adziwa kuti ali ndi bvuto, naopa kulandidwa ana ace, adzacita ciani? Sadzafika konse ku ofesi ya cithandizo. Dzina lace silidzawerengedwa mwa opezeka nao, ndipo ena adzakondwera nati lamulo lagwira nchito. Koma mwana amene lamulolo linati lifuna kumpulumutsa wabisika tsopano kumene diso la boma silifika. Pamodzi ndi mai ameneyo atsalanso kunyumba ena oyera, amene analibe madola 30 aja kapena ya basi yokafikira kopimira.

MUZU WACE NGWAKALE

Maganizo awa sanayambe dzulo. M'dziko la England, m'caka ca 1834, nyumba ya malamulo inakonza lamulo latsopano la osauka, pokhulupirira kuti ambiri opempha ali aulesi. Anati munthu wamphamvu wofuna cithandizo alowe m'nyumba ya nchito ya osauka, ndipo moyo wa m'menemo ukhale wowawa koposa wa wanchito wosaukitsitsa wa kunja, kuti wosowadi yekha ndiye alole kulowamo. Mwamuna analekanitsidwa ndi mkazi wace, ndi ana ndi amao. Koma zaka zitapita, amene anadzaza nyumbazo anali nkhalamba, odwala, olumala ndi ana amasiye. Ndipo anthu ambiri osowadi anasankha kuzunzika kunja cifukwa ca manyazi. Malamulo akale a osaukawo anathetsedwa kotheratu m'caka ca 1948. Phunziro lace nlakuti, cipata cimene cimangidwa ndi manyazi sicisiyanitsa waulesi ndi wosowa. Wopanda manyazi alowa mosabvutika. Wodzilemekeza ndiye abwerera panjira.

NJIRA YOLUNGAMA

Mabwalo atakana kupima anthu onse, zigawo zoposa 12 zinatsata njira ina, ndiyo kuyamba ndi mafunso olembedwa, ndi kupima okhawo amene mayankho ao apatsa cikaiko. Ku Tennessee, kumene anayamba mu July 2014, mwa opempha 39,121 a m'miyezi 18 yoyamba, opezeka nao anali 65. Ku Australia, m'caka ca 2017, boma linafuna kuyesa kupima olandira cithandizo atsopano 5,000 m'malo atatu. Madokotala ambiri anatsutsa, ndipo nyumba yaikuru ya malamulo sinavomereze, cinkana boma linabwera nalo lamulolo kangapo.

Ife sitinena kuti boma litseke maso. Tinena kuti pali miyeso itatu imene njira iri yonse iyenera kukwanira. Woyamba, pakhale cizindikiro pa munthu mwini waceyo, monga mlandu wa mankhwala umene anatsutsidwa nao posacedwa, kapena mau a iye yekha, kapena cimene wanchito wa boma wophunzitsidwa bwino waona ndi maso. Kusauka kokha kusawerengedwe cizindikiro. Waciwiri, cotsatira ca kupezeka nao cikhale maciritso, ndipo boma limene lafufuza nthendayo lilipire mankhwala ace; pakuti sing'anga amene apima wodwala, nampeza ndi nthenda, nampitikitsa cifukwa ca nthenda yomweyo, sali sing'anga. Wacitatu, mbale ya mwana isacepe. Ngati kholo silingasunge ndalama, boma lilipire lokha lendi ndi cakudya, koma lisacotsepo kanthu. Njira yotere idzadya ndalama zambiri koposa kabotolo ka mkodzo, ndipo pamenepo padzaoneka amene anafunadi kupulumutsa ana, ndi amene anangofuna kucepetsa maina m'buku.

Potsiriza, owerenga athu, nkhaniyi iri ya kutsidya kwa nyanja, koma mtima umene unaibala uli ponseponse. Kuno kwathu, kuyambira m'caka ca 2006 pamene Mtukula Pakhomo unayambika ku Mchinji, timva anthu ena alikunena kuti ndalamazo zingothera ku mowa. M'caka ca 2014 David Evans ndi Anna Popova, a ku World Bank, anasanthula zofufuza 19 za cithandizo ca ndalama m'maiko a Africa, Asia ndi Latin America, napeza kuti mabanja olandira sanaonjezere kugula mowa ndi fodya, ndipo m'malo ambiri anacepetsako. Oledzera alipo pakati pa osauka, monga alipo pakati pa olemera. Koma maso athu aona msanga mmodzi wogona m'ngalande, osaona makumi asanu ndi anai amene anagula ufa, sopo ndi makope a ana.

Cifukwa cace tidzifunse ife eni, pamene munthu aima pakhomo pathu kapena pa ofesi yathu ndi dzanja lotambasula, kodi tiyamba ndi kumva kusowa kwace, kapena tiyamba ndi kumfunira mlandu? Ngati tiri nao umboni wa kulakwa kwace, tinene naye poyera, ndi kumthandiza kuwongoka. Ngati tiribe, timlandire monga munthu wosatsutsidwa kanthu, pakuti kupempha kwamcepetsa kale, ndipo sikuyenera ife kuonjezerapo. Cilala, nthenda ndi kutha kwa nchito sizifunsa dzina la munthu; ndipo makolo athu sananame pamene anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Lamulo limene tiika lero pa khomo la osauka likhale lotero lakuti ife tomwe tikadalola kulowa nalo, tsiku limene tidzaima pa mzere womwewo ndi ana athu.